Kalata Imene Inabweza Hasna pa Bwalo la Ndege

1

Tsiku limenelo ndinagula maluwa, ofiira, odula ndithu. Ndayamba ndi maluwawo dala, kuti mudziwiretu kuti mkazi akukulankhulaniyu si mngelo.

Dzina langa ndine Sikina. Kwathu ndi ku Mangochi, koma ndatha zaka khumi ndi ziwiri ku Etobicoke, kumadzulo kwa Toronto, ndikusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake m'nyumba yosungira okalamba. Mwamuna wanga Bakari ankayendetsa takisi.

Linali Loweruka masana, mu Epulo 2009. Tinaima pa bwalo la ndege la Pearson, pakhomo potulukira alendo, ine, Bakari ndi mwana wathu Iman wa zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkadikira Hasna, mng'ono wanga wa kwa mayi aang'ono, mwana amene ndinamubereka kumsana ndekha ali wakhanda. Ankabwera kudzakhala m'nyumba mwathu, kudzalera Iman ine ndikakhala kuntchito. Mapepala ake onse ndinalemba ndine, ndipo bwana wake pamapepalapo ndinali ine.

Bakari anavala malaya atsopano, n'kudzithira mafuta onunkhira ngati akupita ku swala ya Idi. Anthu a ndege ya Hasna anatuluka onse, n'kukumbatirana ndi abale awo, n'kumapita. Ola linatha, lachiwiri linatha.

"Mum, where's Auntie? I'm hungry," anatero Iman. Chichewa amamva, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Foni ya Bakari inalira. Anamvetsera, n'kungoti, "Yes, sir. Yes, I am here." Kenako anatembenukira kwa ine. "A imigireshoni akundifuna mkatimo. Khala ndi mwana, ndikubwera."

"Akufuna inu? Bwana wake si ndine?"

Anangolowa mkatimo. Hasna anali atapereka nambala ya alamu ake, osati yanga.

Bakari anatuluka patapita maola ena awiri, nkhope itagwa, milomo ili mbuu.

"Akumubweza," anatero. "Akwera ndege ya mawa. Zaka ziwiri asapondenso dziko lino."

"Mayo ine! Walakwa chiyani mwanayu?"

"Munthu wina analemba kalata. Akuti Hasna sanabwerere ntchito. Akuti ndi mkazi wanga." Anandigwira dzanja. "Wallahi, Sikina, ndi bodza. Anthu ansanje."

Ndinalira, abale. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mokuwa ngati pamaliro, mpaka mayi wina wachizungu anandipatsa botolo la madzi. Bakari anandidzutsa n'kumandisisita pamsana, nayenso misozi ili mbwembwembwe. Tinabwerera kunyumba atatu monga tinachokera.

2

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 2007 Bakari anapita kumudzi kukachita sadaka ya malemu bambo ake, ndipo anakhalako milungu isanu. Atabwerako ndi pamene anayambitsa za Hasna.

"Mayi a Iman, ukutopa kwambiri," anatero tsiku lina tikumwa tiyi. "Boma la kuno limalola kuitana wolera mwana wochokera kunja. Bwanji titenge Hasna? Iwe upumeko, nayenso apeze tsogolo."

Ndinamukumbatira. Ndinati mumtima, mwamuna ngati uyu ndinamutola kuti? Ndinathamanga ndi mapepala chaka ndi theka, kuofesi uku, kuofesi uku, chisanu chikundilowa m'mafupa podikira basi. Chipinda chathu chaching'ono ndinachipenta ndekha, n'kugula bedi ndi makatani.

Mu 2008 mafuta anakwera mtengo koopsa. Kampani imene Bakari ankayendera inalengeza kuti takisi zonse zovala mtundu wake zisinthidwe. Zakale zija, zikuluzikulu zomwa petulo ngati zabooka, zichoke. Zibwere za hybrid, zoyendera petulo ndi batire mosinthanasinthana. Madalaivala anang'ung'udza. Ena ankati batireyo idzazizira mu Januwale n'kukusiya pamsewu ndi kasitomala. Ena ankati kumbuyo n'kwakung'ono, masutikesi a anthu opita kundege salowa. Bakari ndiye anayamba kuvomera, ndipo mwini kampani anamukonda nazo, mpaka kumuika kukhala wolankhulira madalaivala onse.

Galimotoyo inali yabwino, ndisaname. Ikaima pa maloboti injini inkazima yokha, ndipo ikamayenda pang'onopang'ono sunkamva kanthu. Yakale ija ndinkaimva ikadali pakona, n'kuyatsiratu ketulo. Ndi yatsopanoyi ndinkangozindikira munthu walowa kale m'nyumba.

"Nanga yakale ija yapita kuti?" ndinafunsa.

"Ndagulitsa kwa a zitsulo, akaiphwanya. Achimwene a Medson ndi amene andipezera wogula."

Zinandikhudza. Galimoto ija ndinkaitsuka ndine Lamlungu lililonse, masanzi a zidakwa za pa Loweruka ndikupukuta ndi manja angawa. Koma ndinati chitsulo n'chitsulo.

A Medson anali makaniko wa kampaniyo, bambo wa ku Ntcheu, Mkhristu, waimvi kale. Akazi awo, Mathilda, ndi namwino kuntchito kwathu, ndipo anali mnzanga wa ponda apa m'pondepo. A Medson injini zakale ankazidziwa ngati chikhatho chawo, koma za hybrid zinkawasowetsa tulo. Ankati ukakhudza molakwika waya wa lalanje wa m'menemo, anthu akadya nyemba kwanu. Kampani inati itumiza makaniko mmodzi yekha kusukulu yophunzira galimoto zatsopanozi, ndipo wosapita kusukuluyo ntchito yake inali yokayikitsa.

"Musadandaule, achimwene," anawauza Bakari ine ndikumva. "Ndikulankhulirani kwa abwana. Malo amenewo ndi anu."

3

Hasna atabwezedwa, Bakari anasiya kudya. Ankayendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira, n'kumatchula mayina a Amalawi onse a mu Toronto, mmodzimmodzi. Kalatayo a imigireshoni sanamuonetse, anangomuuza kuti inalibe dzina ndipo munali zithunzi. Sabata yachiwiri anafika pa dzina limodzi n'kuima pomwepo.

"Ndi Medson."

"Aa, bambo a Iman! A Medson omwe aja? Awalakwira chiyani Hasna?"

"Nsanje. Kuyambira tsiku limene abwana anandikweza, maso ake sali bwino. Hybrid yanga ikumupweteka."

"Ndiye munthu alembe kalata yotere chifukwa cha galimoto?"

"Iwe sukuwadziwa anthu," anatero, n'kutuluka.

Ndinkadziwa kuti chifukwa chimenechi n'chongopeka, kuti chenicheni sangandiuze. Ndinangopitiriza kutsuka mbale.

Zimene anachita Bakari zinali zauve. Anapita kwa mwini kampani n'kukanena kuti a Medson akuopseza madalaivala kuti hybrid imapha anthu, ndiponso kuti zipangizo za takisi zakale zikusowa mu galaja. Malo a sukulu aja anapatsidwa munthu wina. Mwezi wa Meyi usanathe, a Medson anawauza kuti atenge bokosi lawo la masipanala azipita. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri anayamba kunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Mississauga.

Sizinathere pamenepo. Kuno kunja mlandu woposa milandu yonse ndi kukanenera mnzako kwa a imigireshoni. Ungabe, ungatenge mkazi wa mwini, anthu adzakukhululukira, koma umenewo ayi. Mu Juni Amalawi tinasonkhana ku paki ina ku North York, monga timachitira chilimwe chikafika, Asilamu ndi Akhristu pamodzi, ndi a ku Zambia omwe. A Medson atafika, macheza anazima. Amuna anatembenukira ku mbaula ya nyama. Wina anati "kazitape" motsitsa mawu, koma mokwanira kuti amve.

Ine ndinali patebulo ndikugawa masamusa. Anabwera n'kuima patsogolo panga, chipewa chili m'manja.

"Achemwali," anatero, "inu mumandidziwa. Iman uyu ndinakamutenga ndine kuchipatala atabadwa. Mukukhulupiriradi kuti ndingachite zimenezi?"

Ndinawayang'ana m'maso. "Achimwene, Mulungu ndiye akudziwa."

Ndinawaikira masamusa awiri m'mbale. Anaisiya patebulo pomwepo n'kupita kukakwera basi.

4

Lolemba lake Mathilda anandipeza m'chipinda chopumira kuntchito. Anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Sikina, nyumba yanga yapsa. Medson sakugona, shuga wakwera. Dzulo kutchalitchi anthu anatisiyira benchi yonse."

"Pepa, mnzanga."

"Usandiuze pepa! Ine ndakhala chete miyezi iwiri, ndimati ulankhula wekha. Medson akundifunsa tsiku ndi tsiku kuti zithunzi zake n'zotani, anajambula ndani. Ndimuuze kuti kamera yake ndi yanga?"

"Muuze zimene ukufuna."

"Ndikamuuza, akauza Bakari. Ndipo Bakari akati ndi umboni woti ndife. Amene angatipulumutse ndiwe wekha." Anagwada pansi, namwino wamkulu ndi yunifolomu yake. "Ndakugwira mwendo. Ukauze mwamuna wako zoona."

"Nthawi yake sinakwane."

"Ikwana liti?"

"Ndikakhuta."

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kusasa maondo. "Ndinakuonetsa zija chifukwa ndinkakukonda," anatero. "Sindinkadziwa kuti ndikupereka mpeni kwa wamisala."

Kuchokera tsiku limenelo sanandilankhulenso, kupatula za mankhwala a odwala. Ndinamusiya apite. Ndinali ndisanakhute kumuona Bakari akuwonda, akudzuka m'mawa maso ali psuu, akubisala m'bafa kuti aimbe foni ku Mangochi, kenako n'kubwera kudzagoneka mutu pamiyendo panga kuti ndimutonthoze. Ndinkamusisita m'mutu n'kumati, "Zipita, bambo a Iman, Allah ndi wamkulu." Kukoma kwake sindingakufotokozereni.

5

Inde, kalata ija ndinalemba ndine.

Mu Disembala 2008 Mathilda anapita kumudzi ku Khirisimasi. Ndinamupatsira kathumba ka amayi anga, mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi mafuta odzola, akakasiye ku Mangochi. Atabwerako ankandizemba. Patapita milungu iwiri anandikokera pakona, kamera ili m'manja.

"Sikina, ndakhala ndikudwala nazo mumtima. Takisi yanu yakale sinaphwanyidwe. Medson anaikonza bwinobwino n'kuikweza mu kontena ku Mississauga. Bakari anamuuza kuti ndi mphatso ya apongozi ake, iwe usadziwe kaye kuti adzakudzidzimutse."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Nditatsika basi ku Mangochi ndinafunsa wakabaza njira ya kwa amayi ako. Dzina lawo sanalidziwe. Nditati ali ndi mwana ku Canada, anaseka. Akuti, 'Kwa akazi aang'ono a Che Bakari? Kuja kuli galimoto ya chiwongolero cha kumanzere? Ndani sadziwako!'"

Koma amuna inu! Bakari, ndi nzeru zake zonse, anaiwala kuti kwathu chiwongolero chimakhala kumanja. Anatenga chigalimoto chachikasu cha mzere wa pepo, chachitali, nyali ya takisi ili padenga, chiwongolero chili mbali yolakwika, n'kukachibisa ku Mangochi. Boma lonse linalibe inanso yotero. Ikadutsa pamsika anthu ankasiya kugula kuti aione, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake ndi amene anamugulira.

Chithunzi choyamba chinali cha galimotoyo, pansi pa mtengo wa mango pabwalo la amayi, Hasna atatsamira chitseko, makiyi ali pachala. Chachiwiri Mathilda anajambula banja lonse pabalaza. Anachikulitsa pakamerapo kuti ndione zimene zinali pakhoma kumbuyo kwawo. Panali chithunzi cha mufelemu: Bakari atavala kanzu yoyera, Hasna manja atalembedwa hina, shehe pambali. Pakati pawo panakhala amayi anga ondibereka, akumwetulira.

Sadaka ya malemu bambo ake inali imeneyo.

Sindinalire. Ndinamupempha Mathilda anditsukitsire zithunzi ziwirizo, chilichonse kawiri, ndipo ndinabwerera kukadyetsa phala gogo wina wa m'chipinda chachinayi. Mumtima ndimo munkawira. Chaka ndi theka ndikuzizidwa pamalo odikirira basi, kuthamangira mapepala a mkazi mnzanga! Kumupentera chipinda, kumugulira bedi loti mwamuna wanga azikagonapo ine ndili kuntchito ndikusintha matewera a nkhalamba!

Ndikanatha kuthetsa zonse ndi foni imodzi. Bwana wake ndinali ine, ndikanangoti wolera mwana sindikumufunanso. Koma zimenezo zinali zochepa. Ndinkafuna atsanzike mudzi wonse, amuphere mbuzi, akwere ndege, aione Toronto pawindo, aponde pansi, kenako abwerere ndi sutikesi yake yosatsegula. Ndinadikira chitupa chake chituluke, tikiti igulidwe. Kutatsala masiku khumi ndinalemba kalata kwa a imigireshoni a pabwalo la ndege, yopanda dzina. Ndinaikamo zithunzi, tsiku la ndege, ndi mawu akuti amufunse za nikaha, ukwati wa Chisilamu, ndipo asanthule chikwama chake. Mwanayo ndinamulera, ndinkadziwa kuti pepala la ukwati wake sangalisiye kumudzi.

M'mawa umenewo ndinaima pa bokosi lofiira la makalata pakona ya msewu wathu, envelopu ili m'manja. Paja amati chakudza sichiyimba ng'oma. Sindinamve injini, sindinamve kanthu. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Mayi a Iman, ukutumiza chiyani?"

Hybrid ija inali itaima pafupi ndi mwendo wanga, galasi lili lotsitsa.

"Za Hasna," ndinatero. "Panatsala pepala lina."

"Tione." Anaitenga envelopu, n'kuwerenga adiresi, n'kuiyeza m'dzanja. "Yalemera iyi. Sitampu imodzi siikwana, angaibweze."

Anatsegula kabokosi ka kutsogolo, n'kutulutsa sitampu ina n'kumata. Anatsika m'galimoto, n'kuiponya yekha m'bokosimo.

"Insha Allah, afika bwino," anatero.

"Insha Allah," ndinayankha, ndipo anandiperekeza kuntchito.

6

Ndinakhuta mu Ogasiti, kutatsala sabata kuti Ramadhani iyambe. Linali Lamlungu m'mawa, Iman ali ku madrasa. Bakari anaika mapepala a loya patebulo ndi cholembera pamwamba.

"Loya akuti tikhoza kudandaula. Iwe monga bwana wake ungolumbira kuti Hasna ndi mng'ono wako basi, kuti kalata ija ndi yabodza. Usaine apa ndi apa."

"Ndilumbire?"

"Eya. Si zoona nanga?"

Ndinalowa kuchipinda, n'kutenga zithunzi zina ziwiri zimene ndinasunga pansi pa nsalu zanga. Ndinaziyala pamwamba pa mapepala a loyawo.

"Iyi ndi imene anaiphwanya a zitsulo ija?"

Anaziyang'ana zithunzizo. Kenako anayamba kulankhula mofatsa, ngati shehe pa Lachisanu. "Sikina, mvera. Chipembedzo chimalola. Hasna si wa bere limodzi ndi iwe, ndi mwana wa mayi ako aang'ono. Shehe anafufuza, palibe choletsa."

"Shehe wanuyo analipo pamene ndinkamubereka kumsana, akundikodzera? Kwathu mwana wa mayi aang'ono ndi mng'ono wako, inu mukudziwa. Ndipo chipembedzo chake n'chiti chimene chimalola kunena Wallahi pa bodza, pabwalo la ndege, mwana wanu akumva?"

"Ndinkafuna ndikuuze akafika."

"Akafika! Atavula nsapato, atalowa m'chipinda chimene ndinapenta ine. Mumati ndidzatani, ndidzamuthamangitse pa chisanu? Munawerengera bwino, bambo."

Anagwira chithunzi cha galimoto. "Medson ndi mkazi wake ndi amene anakupatsa izi. Ndinadziwa ine. Kontena ija anakweza ndi iyeyo."

"A Medson sakudziwa kanthu mpaka lero. Kalata ndinalemba ndine."

"Bodza."

"Envelopu ya khaki, pakona paja, Lachitatu m'mawa. Munati yalemera. Sitampu yachiwiri inali yanu, ndipo munaiponya nokha m'bokosi."

Ndinaiona nkhope yake ikukumbukira. Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri kuti ndione nkhope imeneyo, ndipo sinandikhumudwitse. Anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Unalira! Unagubuduka pansi pamaso pa anthu!"

"Ndinaphunzira kwa inu."

"Ndiye Medson ndamuchotsetsa ntchito pachabe? Iwe uli pompo ukuonerera?"

"Munamunamizira ndinu. Ine ndinangokhala chete, monga munakhalira chete inu zaka ziwiri."

"Ndiwe mfiti, Sikina. Ndikupatsa talaka, ukwati watha."

"Perekani, cholembera chili pomwepo. Koma mumve bwino. Zaka ziwiri zimene anamuletsa Hasna zikatha, mukayesanso kumubweretsa, kaya ngati wantchito, kaya ngati wophunzira, ndidzalembanso. M'dziko lino mkazi wa Bakari ndi mmodzi, kapena palibe."

Ananyamula zovala zake masana omwewo n'kupita kwa mnzake ku Mississauga. Talaka inabwera pa pepala lochotsa m'kope. Mu Okutobala anagulitsa hybrid ija n'kukwera ndege ya ku Malawi. Iman anamusiyira njinga ndi lonjezo loti aziimba Lamlungu lililonse.

7

Amayi anaimba patapita masiku atatu chichokereni Bakari m'nyumba. Kuno kunali m'mawa, ndikukonzeka kupita kuntchito. Moni sanapereke.

"Iwe Sikina, n'zoona zimene tikumvazi? Wamuchititsa manyazi mng'ono wako dziko lonse? Mwana sakutuluka m'nyumba, anthu akumuimba nyimbo pachitsime."

"Amayi, munali pakati pawo pachithunzi paja. Munkamwetulira."

"Ndikanalekeranji kumwetulira? Mwamuna wako anatimangira nyumba ya malata, alongo ako anawaphunzitsa. Mkamwini wotere umamuthokoza. Iwe zaka zonsezi mwana mmodzi yekha. Ukuganiza akanakhala choncho mpaka liti? Akanakatenga mlendo, wa mtundu wina, iwe n'kukutaya. Tinakhala pansi ndi amalume ako, tinati bola wa m'nyumba momwemo, zabwino zisatuluke m'mbumba. Tinkakutchinjiriza iweyo."

"Osandifunsa?"

"Tikanakufunsa ukanavomera?"

"Ayi."

"Ndiye n'chifukwa chake."

Ndinakhala pabedi, nsapato imodzi ili kuphazi. Amayi anapitiriza, mawu atafewa pang'ono. Anati chibale ndi fupa sichiola, ndilembe kalata ina kwa azunguwo, ndinene kuti ndinanama chifukwa cha nsanje. Anati ndikatero andikhululukira.

"Mundikhululukire inuyo?" ndinatero. "Amayi, munali ndi ana aakazi awiri oti muwasankhe, wanu ndi wa mng'ono wanu. Munasankha. Musungeni ameneyo."

Ndinadula foni, n'kuvala nsapato inayo, n'kupita kukakwera basi. Mankhwala awo ndimatumizabe, koma mawu awo sindinawamvenso.

Inu owerenga, ndikudziwa zimene ena mukunena. Mukuti ndikanapirira, akazi anzanga ambiri ali pamitala ndipo sanafe. Zoona, ndipo Bakari akanabwera poyera n'kundiuza, mwina tikanakangana n'kusiyana ngati anthu. Koma iwo anakhala pansi, mwamuna wanga, mayi anga, amalume anga ndi mwana amene ndinamulera, n'kugwirizana kuti Sikina ndi chitsiru, athamange yekha ndi mapepala a mkazi mnzake. Amenewo sindiwapepesa. Ukwati unatha, Iman amafunsa za bambo ake, ndipo masiku ena nyumba imakula. Koma palibe mkazi anagona m'nyumba mwanga ine ndikumutchula mng'ono wanga masana.

Amene amandisowetsa mtendere ndi a Medson. Ndinapita kwawo Bakari atachoka, ndinapitanso kwa mwini kampani, ndinanena zonse. Malo a sukulu anali atapita kale, ndipo galaja ija tsopano ikufuna anthu odziwa mabatire. Akunyamulabe makatoni. Anandimvetsera ataima pakhomo, n'kungoti, "Ndamva, achemwali. Koma pepani sapoletsa chilonda." Mathilda sanatuluke m'chipinda.

Ndiye musandifunse ngati ndikanachitanso. Ndikanachitanso, zithunzi zomwezo, tsiku lomwelo, bokosi lomwelo. Ndikanangosintha chinthu chimodzi. Pansi pa kalatayo ndikanalemba dzina langa, Sikina, ndi zilembo zikuluzikulu.